Jazi wa ku Cape Town ndi wa eni mudzi

Ndikulankhula ndi inu abale amene mwakhalitsa kuno ku Cape Town, amene m'mamawa mumakwera minibasi ku Dunoon, ku Philippi kapena ku Hout Bay kuthamangira ku ntchito. Lero tikambe za jazi. Ambiri a ife tikamva liwu limeneli timaona hotela yodula, anthu ovala masuti atagwira matambula a vinyo, ndi nyimbo zopanda mawu zimene munthu sudziwa poyambira kuvina. Timati n'za ku America, n'za Azungu, n'za anthu opeza bwino. Ine ndikukana. Jazi wa mu mzinda uno anamera m'nthaka ya konkuno, pakati pa onyamula katundu padoko, asodzi, atelala ndi amayi ochapa zovala za eni, ndipo amene amamutcha wobwereka sanatchere khutu mokwanira. Mlandu umenewu uli ndi mboni zake, ndipo ndiziyitana pamaso panu.

Poyamba tigwirizane kuti jazi n'chiyani, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepa. Jazi ndi kachitidwe, osati mulu wa nyimbo zoloweza pamtima. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amayamba pamodzi ndi mutu wa nyimbo, kachidutswa kamene aliyense angathe kukang'ung'udza. Mutuwo ukatha, woliza saksofoni amatsogola yekha n'kuyamba kupeka pompo zinthu zimene sizinalembedwe paliponse, zimene mawa sadzazibwereza chimodzimodzi. Pansi pake wa besi akuponda mapazi anayi anayi osaphonya, wa ng'oma akusunga nthawi pa mbale yachitsulo uku akumuputa ndi tizigundo tadzidzidzi, wa piyano akumuyankha m'mipata imene iye akukoka mpweya. Akamaliza amasiyira mnzake, monga zimakhalira pagule wa kumudzi, pamene mmodzi amalowa pakati pa bwalo, navina zake, n'kutuluka kuti wina alowe, ng'oma osaleka. Pomaliza onse amabwerera ku mutu uja. Palinso zinthu ziwiri zimene khutu limagwira msanga. China ndi kagundidwe kotsimphina mokoma kamene ku America amati swing, pamene liwu siligwera ndendende pomwe phazi laponda koma limachedwa kapena kufulumira pang'ono mwadala. China ndi mawu opindika a blues, amene amakhala pakati pa makiyi awiri a piyano, ngati liwu la mayi wolira pamaliro limene simungalilembe pa pepala la kwaya. Wina kuyambitsa ena kuvomera, kupokezana, kupinda liwu: Mchewa, Mlomwe kapena Myao safunika sukulu kuti azindikire zimenezi.

Palibe amene akukana kuti kachitidwe kameneka kanabadwira ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kumeneko kunali doko, kunali zidzukulu za akapolo amene ankasonkhana Lamulungu pa Congo Square kuomba ng'oma, kunali nyimbo za m'tchalitchi, kunalinso mabandi a malipenga operekeza maliro ndi zikondwerero m'misewu. Mbale yoyamba ya jazi inajambulidwa mu 1917. M'ma 1920 Louis Armstrong anaonetsa kuti woliza lipenga mmodzi angathe kusenza nyimbo yonse yekha. M'ma 1930 kunatchuka mabandi akuluakulu a dansi monga a Duke Ellington ndi Count Basie, ndipo m'ma 1940 Charlie Parker, Dizzy Gillespie ndi Thelonious Monk anathamangitsa nyimbo n'kuichulukitsira makodi, chamba chimene chinatchedwa bebop. Kenako John Coltrane anaisandutsa pemphero lalitali. Mbiri imeneyo ndi ya anthu akuda a ku America ndipo palibe amene angawalande. Koma taonani zimene anaphikira ndiwo zimenezi: doko, ukapolo, tchalitchi, malipenga ndi chikondwerero cha mumsewu. Zonsezi Cape Town anali nazo kale, pamafuwa akeake.

Akapolo oyamba ochuluka anatsitsidwa padoko lino mu 1658, kampani ya Adatchi itangokhala kuno zaka zisanu ndi chimodzi. Kwa zaka 150 zombo zinkatuta anthu ku Madagascar, ku India, ku zilumba za Indonesia ndi ku Mozambique. Inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za ku Clifton, dziwani kuti pamiyala ya m'nyanja imene mumaiona pawindo mukamakolopa panasweka chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José mu Disembala 1794, chitanyamula anthu pafupifupi 500 ogwidwa ku Mozambique. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konkuno. Anthu otere analandidwa maina ndi zilankhulo, koma manja awo sanaiwale. Anatenga timigolo tamatabwa, n'kukunga chikopa mbali imodzi, ndipo inabadwa ng'oma imene mpaka lero imatchedwa ghoema. Talitchulani pang'onopang'ono liwu limeneli. Akatswiri ambiri a mbiri ya nyimbo amati ndi mbale wake wa liwu lathu lomwe lija, ng'oma. Woomba amaikoleka paphewa ndi lamba, dzanja limodzi likugunda pakati mozama, linalo likumenya cham'mphepete, ndipo kagundidwe kake n'kothamanga, kokankhira munthu kutsogolo, koyenera khamu loyenda mumsewu osati anthu okhala pamipando.

Eni mudzi amati tsiku la 2 Januwale, limene kuno amalitcha Tweede Nuwe Jaar, ndilo linali tsiku lopumula la akapolo, ndipo ukapolo utathetsedwa mu 1834 mwambo wotuluka mumsewu pa nyengo imeneyi sunafe. Kwa mibadwo yambiri magulu a Kaapse Klopse akhala akudzaza misewu kuyambira ku District Six mpaka ku Bo-Kaap, atavala zonyezimira, atanyamula timaambulera, mabanjo, malipenga ndi ghoema. Pambali pawo pali makwaya a Asilamu a ku Cape, amene amayimba nyimbo zakale za Chidatchi koma woyambitsa akupotokola liwu mofanana ndi woyitanira anthu ku swala pamzikiti. Palinso mabandi a Khirisimasi oyenda usiku khomo ndi khomo akuliza nyimbo za m'buku ndi masaksofoni, ndiponso mabandi a dansi ya langarm amene saksofoni yawo imanjenjemera mwamtundu wakewake. Wina angaloze kuti nazonso zimenezi zili ndi dzanja la America, poti banjo ndi kudzipaka kumaso zinatchuka ndi magulu a zisudzo ochokera kumeneko m'zaka za m'ma 1800, ndipo kwaya ya anthu akuda ya Orpheus McAdoo inafika kuno mu 1890. N'zoona, ndipo zina mwa zisudzo zimenezo zinali zonyoza munthu wakuda, chinthu chimene sitiyenera kuchikwirira. Koma umboni womwewo ukusonyeza kuti mzinda uno unali utazolowera kale kulandira nyimbo za kutsidya kwa nyanja ndi kuziumba mwa iwo wokha jazi asanabadwe n'komwe. Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma eni mudzi anameta kametedwe kawo.

Mwana wina wobadwa mu 1934, Adolph Johannes Brand, anakulira pakati pa phokoso lonseli. Agogo ake aakazi ankaliza piyano mu mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo iye ankathamangira kudoko kukagula mbale za jazi kwa amalinyero a ku America. Ankadziwika kuti Dollar Brand mpaka pamene analowa Chisilamu mu 1968 n'kukhala Abdullah Ibrahim. Apa ndi pamene otsutsa ali ndi mfundo yolimba. Amati tamverani chimbale cha gulu la Jazz Epistles cha mu 1960, mmene munali Brand pa piyano, Kippie Moeketsi pa saksofoni, Hugh Masekela pa lipenga, Jonas Gwangwa pa tromboni, Johnny Gertze pa besi ndi Makaya Ntshoko pa ng'oma. Kodi si bebop ya ku New York imeneyo? Kodi zala za Brand sizikuyenda m'mapazi a Monk? Ndikuvomera. Anyamata amenewa ankatsanziradi, ndipo ankatero mwadala. M'dziko limene boma linkauza munthu wakuda kuti mumzinda ndi mlendo chabe, dziko limene wailesi ya boma inkagawa nyimbo motsata mitundu, kuliza bebop mwaluso kunali kunena poyera kuti ife ndi anthu a mumzinda, a nthawi ino, olingana ndi wina aliyense. Komanso palibe mmisiri amene sanayambe n'kuonera. Wosema mpini amayamba wayang'ana wa mnzake. Funso loyenera n'lakuti pambuyo pake anasema chiyani.

Patangopita milungu yochepa chimbalecho chitajambulidwa, apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960. Boma linakhwimitsa malamulo, malo oyimbira anachepa, gululo n'kubalalika. Brand ndi woyimba Sathima Bea Benjamin anapita ku Ulaya mu 1962. Ku Zürich, Benjamin ananyengerera Duke Ellington kuti akamve gulu la Brand, ndipo Ellington atamva anawatengera ku Paris kukajambula chimbale mu 1963. Mu 1964 linachokanso gulu la Blue Notes, la Chris McGregor amene anaphunzira nyimbo pakoleji ya kuno, pamodzi ndi Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Nikele Moyake, Johnny Dyani ndi Louis Moholo, mnyamata wa ku Langa. Mlandu wawo unali woti mzungu ndi anthu akuda ankayimbira limodzi. Tsono talingalirani. Ellington, amene kwawo anasiya oliza piyano osawerengeka, akanatayiranji nthawi pa munthu wongobwereza za ena? Nanga n'chifukwa chiyani oyimba a ku London anayamba kusintha mayimbidwe awo atamva Pukwana ndi Moholo? Anamva chinthu chimene iwo analibe. Koma utchona wokakamizidwa umenewu unawadya anyamata aja. Feza anamwalira ku England mu 1975, Dyani ku Berlin mu 1986, McGregor ndi Pukwana mu 1990, onsewa kutali ndi kwawo. Pagulu lonselo Moholo yekha ndiye anaona South Africa ali pa ufulu.

Otsala kumudzi nawonso anaona zakuda. Winston Mankunku Ngozi, wobadwira ku Retreat mu 1943, amene banja lake linasamutsidwira ku Gugulethu, nthawi zina ankaliza saksofoni atabisidwa kuseri kwa katani, gulu la Azungu lili poyera, ndipo ankamupatsa dzina lachizungu lakuti Winston Mann. Taganizirani bambo wamkulu ataima mumdima kuseri kwa nsalu, anthu m'holo akuomba m'manja poyamikira mpweya wa m'chifuwa chake koma osaloledwa kuona nkhope yake. Mu 1968 anatulutsa Yakhal' Inkomo, kunena kulira kwa ng'ombe, ndipo aliyense amene anaonapo ng'ombe ikukokedwa kupita kokaphedwa akulidziwa liwu limenelo. Mankunku ankakonda Coltrane ndipo sanabise, koma kulira kumene kuli m'nyimboyo n'kwa munthu woyenda ndi pasi m'thumba. Zaka zomwezo, pa 11 Febuluwale 1966, boma linalengeza kuti District Six ndi malo a Azungu okhaokha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, zimathirakitala zinagumula nyumba n'kusiya matchalitchi ndi mizikiti ili yokhayokha pabwinja, ndipo anthuwo anakatayidwa kumchenga wa Cape Flats, ku Manenberg, ku Hanover Park, ku Bonteheuwel ndi kwina. Woomba ng'oma ndi woliza besi amene dzulo ankapalana moto anapezeka wina uku wina uko.

Pabwinja limeneli ndi pamene patuluka mboni yanga yaikulu. Mu Juni 1974 Ibrahim, amene anali atabwerera kwa kanthawi, analowa mu situdiyo ina kuno ku Cape Town pamodzi ndi Basil Coetzee, Robbie Jansen, Morris Goldberg, Paul Michaels ndi Monty Weber, wolipira ndalama zake ali Rashid Vally, mwini shopu ya mbale ku Johannesburg. Atajambula nyimbo zina pa piyano yaikulu yapamwamba, Ibrahim anakakhala pa kapiyano kakale kamene tinyundo take tinali tokhomedwa timisomali, kotero kuti kankalira mwachitsulo, ngati piyano za m'mashabini akale. Anayamba kuzungulira pa makodi ochepa, n'kubwerera, n'kuzunguliranso. Ng'oma ndi besi zinalowa mofatsa. Coetzee, mwana wa District Six amene anayamba ndi kachitoliro ka malata ali wamng'ono ndipo anali atasamutsidwira ku Manenberg, ananyamula saksofoni n'kulankhula zakukhosi. Nyimbo imeneyo, Mannenberg, imatenga mphindi zoposa 13. Mulibe liwiro la bebop, mulibe kudzionetsera. Muli kuzungulira kwa nyimbo za marabi, muli kufatsa kwa nyimbo za m'tchalitchi, muli saksofoni yonjenjemera ya langarm, ndipo pamwamba pa zonsezi pali ufulu wopeka pompo umene unachokera ku New Orleans. Vally anayamba kuiliza pa zimkuzamawu kunja kwa shopu yake, odutsa n'kumaima, ndipo inagulidwa kuposa chimbale china chilichonse cha jazi m'dziko lino pa nthawiyo. Kuchokera pamenepo Coetzee ankadziwika ndi dzina la Manenberg mpaka imfa yake mu 1998.

Pali otsutsa ena, a konkuno, amene amati nyimbo imeneyi si ya ku Cape konse. Marabi anabadwira m'makomboni a ku Johannesburg m'ma 1920, ndipo ena amaloza kuti mang'ombe a Mannenberg akufanana ndi nyimbo ina ya Zacks Nkosi wa ku Alexandra. Mfundo imeneyi sindikuipeputsa, ndipo Nkosi ayenera kulandira ulemu wake. Koma makodi atatu a marabi ali ngati chitsime cha pamudzi. Aliyense amatungapo, ndipo kusiyana kumakhala pa chimene waphika ndi madziwo. Ife Amalawi tiyenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi. Makolo athu amene anapita kumigodi pa Wenela ndi pa Theba, ndi amene anagwira ntchito ku Salisbury, anabwerako ndi magitala, mabanjo ndi kwela. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatenga kwela yomweyo n'kuisandutsa chinthu chimene aliyense akachimva amati ichi n'cha kwathu. Alan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona wa banjo uja, anatcha gulu lake Chimvu River Jazz Band, ndipo palibe anganene kuti Namoko anali wa ku Joni kapena wa ku New Orleans. Ngati timamutenga Namoko kuti ndi wathu, tilibe chifukwa chomukanira Coetzee kuti ndi wa ku Cape Flats. Njira imeneyi sinali yolowera mbali imodzi yokha ayi, poti chimbale china cha Masekela cha kuukulu wake, Phola, anachikonza ndi Mmalawi mnzathu Erik Paliani. Ndipo amene akufuna chizindikiro chimene Johannesburg alibe amvetsere Robbie Jansen, Mac McKenzie ndi Hilton Schilder, amene kuyambira m'ma 1980 anatenga kagundidwe ka ghoema, kamene ena ankachita nako manyazi kuti n'ka anthu wamba a mumsewu, n'kukaika pakatikati pa jazi.

Enanso amafunsa kuti nyimbo yopanda mawu oyimbidwa ingamenye bwanji nkhondo, ndipo amati za kulimbana ndi tsankho zinangopachikidwa pa jazi pambuyo pake. Yankho lili m'zimene zinkachitika. Kuwailesi ya boma ankakanda mbale ndi chitsulo kuti nyimbo ya mawu oletsedwa isalire, koma saksofoni analibe poigwira. Bungwe la United Democratic Front litakhazikitsidwa ku Mitchells Plain pa 20 Ogasiti 1983, Coetzee ndi Jansen ankayenda m'misonkhano yolimbana ndi tsankho kuliza Mannenberg pamaso pa makamu a anthu. Dzina lokhalo la nyimboyo linali kusuma mlandu, poti linkatchula malo amene anthu anakatayidwa. Chachikulu n'chakuti boma linkaphunzitsa kuti amene linkawatcha Makaladi ndi ena, Axhosa ndi ena, Azulu ndi ena, aliyense ndi dera lake, wailesi yake ndi nyimbo zake. Nyimbo imene inasoka marabi a ku Johannesburg ndi saksofoni ya District Six n'kukhala nsalu imodzi yosaoneka msoko inagwetsa chiphunzitso chimenecho popanda kulalikira.

Chotsutsa chimene chimandipweteka ndi cha masiku ano. Chikondwerero cha Cape Town International Jazz Festival, chimene chinayamba mu 2000 ndi khama la Rashid Lombard, chatchukitsa mzinda uno kutali, koma chimachitikira m'chinyumba cha misonkhano pakati pa tauni, ndipo tikiti yake mayi wogwira ntchito m'nyumba kapena mnyamata wa m'munda wamaluwa sangaifikire mosavuta. Ku Manenberg kwenikweniko, kumene dzina lake limatchulidwa m'maholo a ku Ulaya, ana amagona akumva mfuti za magulu a zigawenga. Munthu akati jazi ndi wa olemera akunena zimene maso ake aona, ndipo pamenepo sindingamutsutse. Koma kulandidwa chinthu sikusintha mwini wake. District Six analandidwa, komabe tonse tikuwadziwa eni ake. Muzu nawonso sunaume. Yunivesite ya Cape Town yakhala ikuphunzitsa jazi kuyambira mu 1989. Magulu a Klopse ndi mabandi a Khirisimasi akadali malo oyamba kumene mwana wa ku Cape Flats amagwirira lipenga. Oliza piyano monga Schilder ndi Kyle Shepherd abweretsa m'jazi uta woyimbira pakamwa wa anthu oyamba kukhala m'dera lino, wofanana ndi mkangala umene amayi kwathu amaliza. Oyendetsa chikondwerero chija akhala akuchititsanso konsati yaulere pa Greenmarket Square, ndipo zoterezi ziyenera kuchuluka, zifike ku Gugulethu, ku Langa ndi ku Manenberg komwe.

Tsono abale anga, pempho langa ndi ili. Chaka chikamayamba, tsiku la Klopse musadzitsekere m'nyumba. Pitani mukaime m'mbali mwa msewu, ghoema ikakugundeni pachifuwa, mukaone ngati phazi lanu silikaizindikira. Tsiku lina lopumula mukalowe ku District Six Museum pa Buitenkant Street, mukaponde pa mapu a misewu imene inagumulidwa, kenako mukamvetsere Mannenberg pafoni yanu kuyambira poyamba mpaka pothera, osadumpha. Inu oulutsa mawu ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Chipata, ikani Mankunku ndi Namoko m'pologalamu imodzi, masana anthu ali maso. Ndipo inu makolo, mwana wanu akabwera madzulo n'kunena kuti akufuna kulowa bandi ya kusukulu kapena ya kutchalitchi, musamuuze kuti n'za Azungu. Mulekeni agwire lipengalo.